Mutu 6: Kagalu ka Pansi pa Thandala

1. Kachilonda kakang'ono

Mukanafunsa anthu a padoko paja kuti mtsikana wanzeru ndi uti, aliyense akanaloza pakhomo pa Che Abdulkarim. Raisa anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi, ndipo anali Fomu 3 pasekondale yoyendera ya m'deralo. Mutu unalipo ndithu. Koma abale, nzeru za m'kalasi ndi zina, kulimba mtima n'kwinanso.

Bambo ake anali msodzi, ndipo nyengo imeneyi ankakhalitsa kuchilumba cha Mbenji, kunyumba n'kumabwera mwa apo ndi apo. Mayi ake, Abiti Omari, ankapita ndi usipa ku Lilongwe. Akachoka ankamusiyira Raisa ntchito ziwiri zokha: kutembenuza usipa pathandala loyanikirapo, ndi kuyang'anira mng'ono wake Zuleka, wa zaka zisanu ndi zitatu.

Loweruka lina Raisa anazisiya zonse ziwiri. Anali ndi kafoni kobisa kamene mnzake anamupatsa, makolo osadziwa. Kafoniko kanali katayamba misala, nyimbo kusowa, zithunzi osatseguka. Wokonza mafoni kumsika atakayang'ana anati, "Yalowa vayirasi iyi, chemwali. Khalani apo ndiichotse." Raisa anakhala. Dzuwa linachoka pamutu iye ali pabenchi pompo.

Pobwerera anapeza Zuleka atanyonyomala pansi pa thandala, dzanja lamanja atalipana m'khwapa. Pambali pake panali kagalu kofiirira, kowonda nthiti zokhazokha, dovu lili chuchuchu, kakutafuna mzati wa thandala ngati fupa.

"Zuleka! Ichi n'chiyani?"

"Ndi Bonya, achemwali. Ndinamutola kubango sabata yatha. Sanachite dala, akudwala. Ndimafuna kumumwetsa madzi."

Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala panali timabowo tiwiri, magazi akutuluka pang'ono. Kachilonda kosaopsa n'komwe.

Chimene ana awiriwa anaopa sichinali chilonda ayi. Pakhomo pa Che Abdulkarim galu sankaponda. Malovu a galu ndi najisi, chodetsa chimene Msilamu sangapemphere nacho, ndipo Zuleka ankadziwa zimenezi kuchokera kumadrasa.

"Musawauze ababa," anatero Zuleka. "Lumbirani, achemwali. Nenani Wallahi."

"Wallahi sindinena."

Analumbira msanga bwanji! Chifundo chinalipo, inde, komanso ankadziwa kuti nkhani ya galu ikatuluka, funso lotsatira lidzakhala lakuti, "Nanga iwe unali kuti?"

Anamutengera kunyanja n'kuchita zimene anaphunzitsidwa. Anatsuka dzanjalo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi mchenga, akuwerenga mokweza kuti asaphonye. Za sopo sanaziganize.

"Basi, wayera. Amayi akafunsa, unene kuti yakubaya minga ya kampango."

Patapita masiku anayi kagalu kaja kanafa. Zuleka anakakwirira kubango n'kulira mobisa. Chilonda chinapola bwinobwino, n'kungotsala timadontho tiwiri toyera.

2. Dzina lochokera kutali

Panapita masabata atatu. Lachinayi m'mawa a Anderson, mphunzitsi wa Bayoloje, analowa m'kalasi ndi choko m'thumba la shati monga mwa nthawi zonse. Anali bambo wa imvi, wotsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo akayamba nkhani belu ankalinyozera.

Atangolemba mutu wa phunziro pabolodi, Tikondwe, mnzake wa Raisa uja wa kafoni, anakweza mkono.

"Sala, kodi vayirasi ya m'foni ndi ya m'thupi ndi pachibale?"

Kalasi yonse inaphulika ndi chiseko. A Anderson sanaseke.

"Mukusekanji? Safunsa anadya phula. Tamverani. Mawu awa si Chingerezi ayi. Angerezi anachita kubwereka, monga mmene ifenso tabwerekera kwa iwo. Ndi a Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. Iwo akati virus ankatanthauza poizoni: ululu wa njoka, utomoni woipa, madzi alionse onanda amene akalowa m'thupi amawononga.

"Tsono zaka zoposa zana zapitazo, akatswiri ku Ulaya ankafufuza matenda a fodya, aja ochititsa masamba mawangamawanga. Ana a alimi mukuwadziwa. Anafinya masamba odwala, madzi ake n'kuwasefa ndi sefa yothina moti ngakhale bakiteriya sakanadutsa. Madzi anatuluka oyera mbee. Koma atawapaka pa fodya wabwino, fodyayo anadwala. Anthu aja anagwira pakamwa. Anati muli poizoni wosaoneka m'madzimu, ndipo anamutcha dzina lakale lija. Pambuyo pake ndi pamene zinadziwika kuti si madzi ayi, koma tinthu tating'ono zedi, timene timaswana tikalowa m'thupi la chamoyo. A makompyuta nawo anadzabwereka dzinali, n'kulipatsa pulogalamu yoipa imene imadzichulukitsa yokha. Chibale chake n'chomwecho, Tikondwe, cha dzina basi. Ya m'foni amachotsa kumsika."

Anapukuta manja n'kukhala pakona ya tebulo.

"Inu mukamva kuti kachirombo mumangoganiza za Edzi. Alipo ambiri: wa chikuku, wa poliyo, wa chimfine, wa korona uja anatitsekera sukulu. Koma amene ine ndimamuopa kuposa onse ndi wa chiwewe, chifukwa ndinamuona ndi maso angawa.

"Ndili mwana ku Chitala ndinali ndi mnzanga, Davie. Galu anamuluma pamwendo, pang'ono chabe. Chilonda chinapola, tonse tinaiwala. Patatha mwezi ndi theka Davie anayamba kuopa madzi. Ludzu likumupha, koma akaona kapu, kukhosi kumatseka. Sanathe sabata.

"Ana inu, mverani, ndipo mukawauze kwanu. Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Chilonda chimapola pamwamba, koma iko kali m'kati, kakuyenda m'mitsempha pang'onopang'ono kulowera ku ubongo. Munthu amaseka, amasewera, amadya bwino, osadziwa kuti wanyamula imfa. Galu akaluma munthu, ngakhale kagalu ka dzulodzulo, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, kenako thamangani kuchipatala akabayidwe katemera. Ngati mwachedwa, pitanibe! Ngakhale patapita masabata, pitani, bola munthuyo asanayambe kudwala. Akangoyamba, palibe dokotala, palibe sing'anga, palibe ndege yopita naye kunja imene ingamubweze."

Bolopeni ya Raisa inali itaima kalekale. Anakweza mkono mosafuna.

"Sala, nanga ngati chilondacho anachitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi mchenga?"

A Anderson anamuyankha mofatsa.

"Kutsuka kumeneko ndimakulemekeza, mwana wanga. Kumayeretsa munthu kuti aime pamaso pa Mulungu wake. Koma kafunse shehe aliyense, akakuuza kuti si katemera. Kodi alipo walumidwa?"

Maso onse anatembenukira kwa Raisa.

"Ayi, sala. Ndimangofunsa."

3. Lachisanu la ababa

Madzulo a tsikulo boti la Che Abdulkarim linakocheza. Raisa anati uwu ndi mwayi, mawa akachoka kumzikiti ndiwauza zonse. Anamukokera Zuleka kuseri kwa bafa n'kumunong'oneza.

"Munalumbira!" Zuleka anamugwira chitenje ndi manja awiri. "Munati Wallahi! Taonani, papola. Sipakuwawa n'komwe. Achemwali, ababa adzasiya kundikonda."

"Sadzasiya."

"Mukanena za Bonya, inenso ndinena za foni."

Mwana analankhula mwa mantha chabe, koma mawuwo anafika pamene anafika.

Lachisanu masana bambo anabwera kuchokera ku swala nkhope ili gwaa. Kumzikiti anamva kuti mwana wamkazi wa mnzawo wapezeka ndi foni yodzaza mauthenga a amuna, ndipo sukulu amuletsa. Anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango n'kuitana ana awo onse awiri.

"Raisa, khala apa. Iwe ndiwe wamkulu, ndiye makutu ako akhale awiri. Ku Mbenji kumene ndimagona pamiyala kuli malamulo. Mowa sufika, juga safika, mkazi saponda. Wophwanya lamulo amakwezedwa boti tsiku lomwelo, ngakhale akhale mwini maukonde khumi. N'chifukwa chake nsomba kumeneko zilipobe pamene kwina zinatha. Pakhomo panonso ndi chimodzimodzi. Ine sindinapite kusukulu. Mwera umandimenya, manja awa anang'ambika ndi zingwe, kuti iwe udzagwire cholembera. Ndikadzakupeza ndi foni yobisa, sukulu yathera pomwepo.

"Koma imva ichinso. Ine ndine bambo ako, sindine ng'ona. Ukalakwa n'kubwera wekha kudzandiuza, ndidzakalipa, mwina ndidzakhala tsiku osakulankhula, koma tidzakonza. Bowo la boti ukaliona uli padoko umalimata ndi phula. Ukalibisa, limakakupeza pakati pa nyanja. Ndinakusiyira mng'ono wakoyu m'manja. Tsono ndikufunse, ndisanabwerere mawa: pali chimene ndiyenera kudziwa?"

Khomo linatseguka lokha, abale! Panangofunika mawu atatu okha: galu anamuluma Zuleka. Raisa anatsegula pakamwa. Anaona Zuleka atamutong'olera maso odzaza misozi. Anakumbukira kafoni kali pansi pa matiresi, ndi mayeso a Fomu 4 amene ankawalota usana ndi usiku.

"Palibe, ababa."

Bambo anamwetulira n'kumukokera Zuleka pamiyendo pawo. Akuseweretsa tizala take, anaona timadontho tija.

"Apa panatani?"

"Kampango, ababa," Raisa anayankha msanga. "Minga."

"Kampango wobaya mabowo awiri? Zaka makumi atatu ndili panyanja, ameneyo sindinamuone."

"Anamubaya kawiri."

Che Abdulkarim anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mwana wanga ndi msodzi weniweni. Kubayidwa koyamba osamva!" Anapsompsona kadzanjako n'kukasiya.

M'mawa mwake boti linanyamuka. Raisa anadzilonjeza kuti Lolemba adzamutengera yekha Zuleka kuchipatala, mwakachetechete. Lolemba kunali mayeso a Masamu. Lachiwiri amayi anabwera ndi usipa wambiri wofunika kuyanika. Lachitatu anaganiza kuti adokotala akafunsa za kholo, nkhani n'kuululika. Zuleka naye anali wathanzi, akusambira ndi anzake, akudya ngati dzombe. Mantha a Raisa anayamba kuzizira. Mwina kagalu kaja kanangofa ndi njala. Mwina a Anderson amakokomeza, si mmene alili aphunzitsi?

Zengerezu analinda kwawukwawu. Masabata awiri anatha choncho.

4. Kapu ya madzi

Zinayamba ndi kuyabwa. Zuleka ankakanda padzanja paja mpaka kutuluka magazi, akuti m'kati mukuyenda nyerere. Tsiku lotsatira thupi linatentha, mutu ukuwawa. Abiti Omari anati ndi malungo, napita naye kuchipatala chaching'ono chapafupi. Atamuyeza malungo sanapezeke, ndipo anabwerako ndi panado.

Tsiku lachitatu m'mawa Raisa akuvala yunifolomu anamva mng'ono wake akuitana ndi mawu osasa.

"Achemwali, ludzu."

Anatunga madzi mumtsuko n'kumupatsa. Zuleka anatambasula dzanja, kapu n'kufika pafupi ndi milomo. Pomwepo khosi linakungika, maso anatuzuka, thupi lonse linagwedezeka ngati nsomba yoponyedwa pamchenga. Kapu inauluka n'kukagunda khoma.

"Chotsani! Chotsani madziwo!"

Mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja, amene anadziwa kusambira asanadziwe kuvala yekha, lero akukuwa chifukwa cha kapu ya madzi. Kamphepo katalowa pawindo anakuwanso, n'kudzikwirira ndi chitenje.

Abiti Omari analowa akuthamanga. "Mwana wanga walodzedwa! Ndani wandichita zimenezi?"

Raisa anagwada pakhomo la chipinda, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Amayi, sanalodzedwe. Sanali kampango. Anali galu."

Ananena zonse: za foni, za Bonya, za lumbiro, za kutsuka kasanu ndi kawiri, za phunziro la a Anderson. Ankadikira khofi, ndipo akanalilandira mokondwa. Koma mayi ake sanakweze dzanja. Anangofunsa ndi mawu otsika, ngati a munthu wachilendo.

"Liti?"

"Masabata asanu apitawo."

"Ndipo aphunzitsi anakuuza liti za katemerayo?"

"Masabata awiri apitawo."

Abiti Omari anabereka Zuleka kumbuyo ngati khanda, natuluka kukaimitsa njinga yamoto. Kwa mnansi anangoti, "Imbirani a ku Mbenji. Muwauze abwere lero."

5. Funso la pakhomo la wodi

Kuchipatala chachikulu anamugoneka Zuleka m'kachipinda kayekha, makatani otseka, chifukwa kuwala nako kunkamuzunza. Dokotala anali mayi wachikulire wa magalasi. Atamva nkhani yonse anatengera Abiti Omari ndi Raisa panja n'kuvula magalasi aja.

"Mayi, sindikunamizani. Ichi ndi chiwewe, ndipo chafika kale ku ubongo. Timupatsa mankhwala oti agone, asamve ululu. Kuposa apo tilibe chochita."

"Mubayeni katemera!" Raisa anagwira mkono wa dokotala. "Aphunzitsi anati alipo. Mubayeni panopa, chonde, ngakhale khumi!"

"Mwana wanga, katemera amachita mpikisano ndi kachiromboko panjira. Katemera akayamba kufika, munthu amapulumuka. Apa kachirombo kafika kale." Dokotala anapumira m'mwamba. "Timawaona ana otere chaka ndi chaka, ndipo nkhani yake imakhala imodzi. Kachilonda kanali kakang'ono, kanapola, wina anaopa kukalipiridwa. Kukalipa kumatha, mwana wanga. Bambo amakalipa lero, mawa mukudyera limodzi. Mukanabwera naye ngakhale masabata awiri apitawo, akuthamanga ndi kusewera, mwayi unalipo waukulu."

Masabata awiri. Raisa sanafunike kuwerenga pa zala. Linali Lachisanu lija, pamkeka, pansi pa mango.

Abiti Omari anatsetsereka ndi khoma mpaka pansi, n'kufundira mpango kumaso. Raisa anati, "Amayi, pepani." Mayi ake sanatembenuke. Pepani sapoletsa chilonda.

Masana mankhwala atagwira, Zuleka anadekha pang'ono. Namwino anamulola Raisa kulowa atavala magolovesi, namuchenjeza kuti asakhudze malovu. Mwanayo anali atachepa pabedi, milomo youma yong'ambika. Anatsegula maso n'kumuzindikira.

"Achemwali."

"Ndili pano."

"Ababa akubwera?"

"Akubwera, ali panjira."

Zuleka anayesa kumeza, nkhope n'kukwinyika. Kenako ananong'ona, ngati mmene ankanong'onezerana kuseri kwa bafa.

"Simunawauze za Bonya, eti? Munasunga?"

Raisa analuma mlomo mpaka kumva magazi.

"Ndinasunga, mng'ono wanga. Ndinasunga nthawi yaitali."

"Ndinu abwino, achemwali," anatero Zuleka, maso n'kutsekeka.

Dzuwa litapendeka panamveka mapazi olemera m'khonde. Che Abdulkarim anatulukira buluku lili lonyowa mpaka m'mawondo, mchenga uli m'mapazi. Zinkaoneka kuti anadumpha m'boti lisanakocheze bwino. Uthenga umene anamva unali wakuti Zuleka wagonekedwa, basi. M'dzanja ananyamula botolo la Fanta wozizira, amene mwana wawo wamng'ono ankamukonda.

Dokotala anawaimitsa pakhomo la kachipinda n'kuwalanda botololo mwaulemu.

"Bambo, chakumwa musalowe nacho. Mwana wanu ali ndi chiwewe. Analumidwa ndi galu padzanja."

"Galu?" Che Abdulkarim anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono ngati munthu amene wapeza polakwika. "Ayi, adokotala, mwasokoneza ndi mwana wina. Pakhomo panga galu saponda. Chipsera chimenecho ndi cha kampango. Ndinachiona ndekha, ndinafunsa. Mwana wanga wamkulu sanandinamizepo chibadwire."

Anatembenuka n'kupeza Raisa ataima pafupi ndi khoma, magolovesi akadali m'manja.

"Raisa, tawauza adokotalawa zimene unandiuza ine."